Banki ikamagwa, amayamba kutuluka ndani?

Pa 11 Ogasiti 1969, Pulezidenti Kenneth Kaunda anaimirira mu holo ya ku Matero n'kulengeza kuti boma litenga magawo 51 pa 100 alionse a migodi ya kopa. Amene anatsogolera zokambirana ndi eni migodi, makampani a Anglo American ndi Roan Selection Trust, anali a Andrew Sardanis, mzika ya Zambia yobadwira ku Cyprus. Migodi italowa m'manja mwa boma, mmodzi mwa amene anapatsidwa kuyendetsa Mindeco, kampani yoyang'anira migodiyo, anali a Dominic Mulaisho, mwana wa ku Feira, kumene lero timati Luangwa. Awiriwa anali m'kagulu kochepa ka anthu amene a Kaunda ankawadalira pomanga chuma cha dziko latsopano. Patapita zaka 26 anakumananso, koma wina ali tsidya lino, wina tsidya linalo: a Sardanis ali mwini wa banki ya Meridien BIAO imene inali kumira, a Mulaisho ali gavanala wa Bank of Zambia, ofesi imene lamulo linaipatsa mphamvu yotseka banki yoteroyo.

Munthu wa m'makomboni a Lusaka, ku Kanyama kapena ku George, angafunse kuti milandu ya mabwana a mu Cairo Road ikumukhudza bwanji, iye amene sanalowepo mu Meridien ngakhale kukausa mvula. Funsolo n'lomveka. Koma banki ikagwa, ngongole yake sifera m'nyumba ya bankiyo. Imayenda mpaka kukafika pa mtengo wa pamela wa ufa, pa shelefu yopanda mankhwala ku kiliniki, pa penshoni ya mlonda wa usiku. Ndipo kukula kwa ngongoleyo kumadalira kwambiri miyezi imene imadutsa kuchokera pamene akuluakulu adziwa kuti zinthu zavuta kufika pamene alimba mtima n'kukhoma chitseko. Mtsogoleri aliyense amene anagwirapo banki yodwala, kuno kwathu kapena kunja, tiyenera kumuyeza ndi zimene zinachitika m'miyezi imeneyo.

A Mulaisho anabadwa mu 1933. Anadutsa ku mishoni ya Katondwe, ku Canisius, ku Chalimbana, kenako ku yunivesite ya ku Salisbury. Ufulu utabwera anakhala mlembi wamkulu m'maunduna a boma, anayendetsapo Namboard imene inkagula chimanga cha alimi, anakhalapo mlangizi wa a Kaunda pa zachuma, ndipo pambuyo pake anali mkonzi wa magazini ya zachuma ya mayiko a kumwera kwa Africa ku Harare. Ambiri amawakumbukira chifukwa cha mabuku awo awiri a nthano, The Tongue of the Dumb la mu 1971 ndi The Smoke that Thunders la mu 1979. Anali munthu wa dzina loyera, wodziwa kulankhula, wolemekezeka kunja. Pamene Pulezidenti Frederick Chiluba anawaika kukhala gavanala mu 1992, m'malo mwa Jacques Bussières wa ku Canada, dziko linapeza mkulu woti amabungwe obwereketsa ndalama angamumvere. Koma moyo wawo wonse unali wa m'maofesi a boma. Kufufuza mabuku a banki imene mwini wake sakufuna kuti uone zina ndi ntchito ya mtundu wina.

Nthawi yake nayonso inali yoipa. Chipani cha MMD chitapambana mu Okutobala 1991, boma linamasula pafupifupi chilichonse nthawi imodzi. Chiwongoladzanja chinasiyidwa kuti mabanki azidziikira okha, malamulo oletsa kutulutsa ndalama zakunja anachotsedwa mu 1994, ndipo mu 1993 mitengo ya zinthu inali kukwera kupitirira 100 peresenti pachaka. Mpamba umene lamulo linkafuna kuti munthu atsegule banki unali K20 miliyoni ya kwacha yakale, ndalama imene kugwa kwa kwacha kunali kutaidya mpaka kutsala yosanunkha kanthu. Wamalonda aliyense wa maso akuthwa anaona mwayi. Unkangotsegula banki, kulandira ndalama za anthu, kukagula mapepala a ngongole ya boma amene ankabereka chiwongoladzanja choposa 100 peresenti, n'kumagulitsanso madola pambali. Lamulo latsopano loyang'anira mabanki linabwera mu 1994, mabanki ambiri atatsegula kale. Chaka chomwecho kukwera kwa mitengo kunayamba kuchepa, chiwongoladzanja cha mapepala a boma chinatsika, phindu losavutikira lija linauma, ndipo ngongole zimene eni mabanki anabwereketsa anzawo ndi makampani awo omwe zinayamba kuonekera poyera.

M'makomboni nyengo imeneyo inali ya kuchotsedwa ntchito. Zambia Airways inatsekedwa mu Disembala 1994, kampani ya mabasi ya UBZ inatsatira mu 1995, mafakitale a boma anali kugulitsidwa kapena kufa. Bambo wa ku Matero amene wagwira ntchito zaka 20 n'kulandira ndalama zake zomaliza pakamodzi analibe malo ambiri oziika. Kuzisunga m'nyumba kunali kuziona zikusungunuka mwezi ndi mwezi. Mabanki atsopano a eni nthaka ankalandira munthu ndi kandalama kochepa kotsegulira akaunti, ankamwetulira, ndiponso ankalonjeza chiwongoladzanja chokwera kuposa mabanki akale a azungu. Amene anapita kumeneko sanali opusa.

Apa m'pofunika kumvetsa mmene banki imafera, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti ndalama zawo zimagona m'chipinda chachitsulo kudikira mwini wake. Mukasungitsa K100, banki imasiya pang'ono pokha m'kabati, zotsalazo imabwereketsa. Zimayenda bwino malinga ngati obwereka akubweza ndipo osungitsa sakubwera onse tsiku limodzi. Matenda alipo awiri. Oyamba ndi oti banki ili ndi chuma chokwanira koma lero ilibe ndalama m'manja, chifukwa ngongole zake sizinafike tsiku lobwezedwa. Banki yotere banki yaikulu ya dziko ingaibwereke kwa masabata angapo, iyo n'kuchira. Achiwiri ndi oti obwereka sadzabweza konse, moti ngakhale mutagulitsa nyumba, magalimoto ndi mipando ya bankiyo, simungalipire onse amene anasungitsa. Yotereyi yafa kale, kungoti sinagwe. Vuto la gavanala n'lakuti ukayang'ana pakhomo matenda awiriwa amaoneka chimodzimodzi, mzere wautali wa anthu ofuna ndalama zawo, ndipo mwini banki aliyense amalumbira kuti ake ndi oyambawo.

Meridien sinali m'gulu la timabanki ta dzulodzulo. A Sardanis anafika ku Northern Rhodesia mu 1950, anachita malonda ndi zamtengatenga kumpoto chakumadzulo kwa dziko, ndipo analowa chipani cha UNIP pa nthawi imene azungu ambiri sankafuna n'komwe kumva dzina la a Kaunda. Anatsogolera kampani ya boma ya Indeco, anachoka m'boma mu 1970, n'kumanga gulu la makampani la ITM. Meridien inatsegulidwa ku Zambia mu 1984. Mu 1991 gululo linagula mabanki a BIAO, banki yakale ya Afalansa ya kumadzulo kwa Africa, ndipo mwadzidzidzi linapezeka m'mayiko pafupifupi 20. Anthu ankanyadira kuti nayi banki ya Africa yoyambira ku Lusaka, yopikisana ndi Barclays ndi Standard Chartered. Koma mutu wa zonsezi, Meridien International Bank, unalembetsedwa ku Nassau m'dziko la Bahamas, kumene woyang'anira mabanki wa ku Lusaka, wa ku Dar es Salaam kapena wa ku Mbabane analibe mphamvu yotsegula buku lililonse. Mabanki a m'mayikowa ankasungitsa ndalama zawo zakunja kumeneko, ndipo mwini wa banki analinso mwini wa makampani amene ankabwereka kubankiko. Mapanga awiri avumbwitsa. BIAO nayo inagulidwa ili ndi zilonda zake, ndiye mu Januwale 1994 ndalama ya CFA ya mayiko akumeneko inadulidwa mphamvu ndi theka. Mabanki a m'mayiko atafuna ndalama zawo ku Nassau, sizinabwere.

Kumayambiriro kwa 1995 mphekesera zinafala mu Lusaka, anthu n'kuyamba kutapa ndalama zawo. Boma, nduna ya zachuma ili a Ronald Penza, linasankha kuichirikiza bankiyo, ndipo Bank of Zambia inapitiriza kuibwereka ndalama kuti zitseko zikhale zotsegula. Mu Epulo khoti la ku Bahamas linalamula kuti Meridien International ithetsedwe, pempho litachokera ku Swaziland. Ya ku Zambia inatsekedwa mu Meyi.

Tsopano taganizirani zimene zimachitika m'banki yotere pa miyezi imeneyo. M'mawa uliwonse banki yaikulu ikuthira ndalama pakhomo lakumbuyo, madzulo ndalamazo zatuluka pakhomo lakutsogolo. Amene akuzitulutsa ndani? Woyamba ndi amene ali ndi khutu m'kati: mkulu wa kampani amene amamwera limodzi ndi manejala, wandale amene wamva kuntchito, wamalonda amene akaunti yake ndi yaikulu moti safola pamzere koma amangolemba kalata kuti ndalama zisamutsidwe. Mayi wogulitsa salaula ku Soweto amamva nkhaniyo mochedwa, mwina m'minibasi. Kuti akafole tsiku lonse ndiye kuti tsikulo sagulitsa. Akamva pa wailesi kuti boma lati musade nkhawa, amakhulupirira, chifukwa walankhulayo ndi boma. Tsiku limene adzapite amapeza chikalata pachitseko ndi wapolisi pakhomo. Ndalama ya dziko imene inathiridwa kuti ipulumutse banki inangolipirira ulendo wa amene anathawa msanga, ndipo dzenje limene latsalira ochedwa lakula kuposa mmene linalili pachiyambi.

Meridien inali ndi magawo 13 pa 100 alionse a chuma chonse cha mabanki a m'dziko. Kugwa kwake kunadyera boma pafupifupi madola 50 miliyoni, omwe anali 1.4 peresenti ya chuma chonse chimene Zambia inkapanga pachaka. Zimenezi zinachitika pa nthawi imene boma lomwelo linkauza anthu kuti lilibe ndalama yothandizira mtengo wa ufa, ndipo odwala anali atayamba kulipira pa zipatala za boma. Ku Tanzania banki ya Stanbic inatenga Meridien yakumeneko chaka chomwecho, ku Swaziland inatengedwa ndi First National Bank. Ya ku Zambia, kwawo kwenikweni, sinapeze woitola. Chisanathe chaka, African Commercial Bank ndi Commerce Bank zinatsekedwa. Mu 1997 zinatsatira Prudence Bank, Credit Africa Bank ndi Manifold, kenako First Merchant Bank mu 1998 ndi Union Bank mu 2001. A Mulaisho anachoka pa udindo mu 1995 momwemo, m'malo mwawo munalowa a Jacob Mwanza.

Pali zambiri zowaikira kumbuyo a Mulaisho, ndipo si zabodza. Lamulo lowapatsa mano linali la miyezi yochepa chabe. Gwero la matenda linali kutsidya kwa nyanja, kumene sakanafikako. Bank of Zambia ya masiku amenewo sinali yodziimira payokha, moti gavanala sakanatseka banki yaikulu chotero popanda nduna ndi State House kuvomera. Panalinso mantha enieni akuti Meridien ikatsekedwa, anthu athamangira kumabanki ena onse a eni nthaka. Koma mantha amenewo ndi amene amagonjetsa mlandu wa kuchedwa, chifukwa zoopedwazo zinachitikabe: mabanki enawo anagwa ndithu, ndalama zothiridwa zija zitapita kale. Ine ndimaona kuti cholakwa chawo chinali cha munthu waulemu. Kumuuza mnzako amene munamanga naye dziko kuti banki yako yafa, ndipo mawa ndikukhoma, kumafuna nkhanza ina imene anthu ophunzira bwino ndi oleredwa bwino kawirikawiri sakhala nayo. A Sardanis, kumbali yawo, sanavomere kuti mlandu unali wawo okha. Anafotokoza mbali yawo m'buku la A Venture in Africa la mu 2007, ndipo anamwalira mu 2021. A Mulaisho anali atatsogola kale mu 2013.

Banki ikatsekedwa pamabwera anthu ena amene sitiwatchula kawirikawiri, otolera ngongole ndi kugulitsa katundu kuti agawire osungitsa. Amenewa amayamba kudzilipira okha, ndipo lamulo limawalola. Mlandu wa Meridien International unafika mpaka ku khoti la apilo ku New York, ndipo mu 2001 oweruza kumeneko anaona kuti pa madola pafupifupi 10 miliyoni amene otolerawo anali atasonkhanitsa ku Bahamas, pafupifupi 8 miliyoni anali atathera pa ntchito yotolerayo: malipiro awo, maloya ndi zina zotero. Chaka chilichonse chimene ntchito yothetsa banki ikupitirira, wosungitsa amaluza kawiri, ndi malipiro amenewa komanso ndi kugwa mphamvu kwa kwacha yake.

Nkhaniyi ili ndi mbale wake wakale ku America, ndipo kufanana kwake kumachititsa nthumanzi. Pa 3 Marichi 1865, nkhondo yapachiweniweni ili pafupi kutha, Pulezidenti Abraham Lincoln anasaina lamulo lokhazikitsa Freedman's Savings and Trust Company, banki ya anthu akuda amene anali atangomasulidwa ku ukapolo. Inakula mpaka kukhala ndi nthambi 37. Osungitsa anali asilikali akale, ochapa zovala, ophika, onyamula katundu padoko, ndiponso mipingo ndi timabungwe ta maliro. Ambiri ankakhulupirira kuti boma la America likuimira ndalama zawo, pakuti zikalata zoitanira anthu zinkaonetsa nkhope ya Lincoln, koma chikole cha boma panalibe. Poyamba lamulo linkati ndalamazo ziziikidwa m'mapepala a ngongole ya boma. Mu 1870 nyumba ya malamulo inamasula lamulolo, ndipo komiti ya zachuma ya bankiyo, mmene munali Henry Cooke, mng'ono wa mwini banki wotchuka Jay Cooke, inayamba kubwereketsa ndalama za anthu osaukawa kwa azungu anzawo ndi makampani amene iwo omwe anali ndi gawo. Anamanganso likulu lokongola ku Washington, pafupi ndi nyumba ya unduna wa zachuma. Banki ya Jay Cooke itagwa mu Sepitembala 1873, anthu anathamangira kukatapa ndalama zawo.

Apa m'pamene eni bankiyo anakumbukira a Frederick Douglass. Munthu ameneyu anabadwira mu ukapolo ku Maryland, anathawa mu 1838, anayambitsa nyuzipepala ya North Star, ndipo pa nthawiyo panalibe munthu wakuda wolemekezeka kuposa iye mu America. Mu Marichi 1874 anawasankha kukhala pulezidenti wa banki. Chimene ankafuna kwa iwo linali dzina, kuti osungitsa aleke kuthawa. A Douglass, amene nawonso anali mlembi wosadziwa za mabanki, anakhulupirira zimene anauzidwa. Analemba zikalata zolimbitsa anthu mtima, ndipo anabwereka bankiyo madola 10,000 a m'thumba mwawo. Atayamba kuona mabuku ndi maso awo, anapeza kuti munalibe kanthu, ndipo anakauza komiti ya zachuma ya nyumba ya malamulo ya Senate, imene wapampando wake anali John Sherman, kuti banki singathenso kulipira ndipo iyenera kutsekedwa. Anzawo mu bodi anawada nazo. Pofika kumapeto kwa Juni 1874 zitseko zinali zokhoma, patangotha miyezi itatu chilowereni a Douglass.

Miyezi itatuyo ndi imene imawasiyanitsa ndi ena ambiri, ngakhale zikalata zawo zoyamba zija zinachititsa anthu ena kusiya ndalama m'banki yakufa, ndipo chimenecho sichifafanizika. Zotsatira zake zinali zowawa. Anthu oposa 61,000 anatsala akudikira pafupifupi madola 3 miliyoni. Anaika makomishonala atatu, John Creswell amene anali nduna ya zamapositi, Robert Purvis ndi Robert Leipold, aliyense pa malipiro a madola 3,000 pachaka, mpaka mu 1881 pamene nyumba ya malamulo inawachotsa n'kupereka ntchitoyo kwa mkulu woyang'anira mabanki m'boma. Zonse pamodzi analengeza kuti abweza masenti 62 pa dola iliyonse, m'zigawo zisanu mpaka 1883, koma kuti ulandire unkayenera kutumiza buku lako la kubanki ku Washington. Ambiri anali atasamuka, atamwalira, atataya bukulo kapena ataligulitsa motchipa kwa ochenjera. Palibe amene anakalowa m'ndende. A Douglass anapitiriza ntchito za boma mpaka kukhala kazembe wa America ku Haiti mu 1889. America inadikira mpaka 1933 kuti ikhazikitse thumba la inshuwalansi yoteteza ndalama za osungitsa m'mabanki.

Ku Zambia nkhani sinathere pa Meridien. Mu Disembala 2010, Bank of Zambia, gavanala ali a Caleb Fundanga, inalanda Finance Bank ya a Rajan Mahtani, ponena kuti inaphwanya malamulo a umwini wa masheya ndi obwereketsa ndalama kwa anthu a m'kati. Zitseko sizinatsekedwe ndipo osungitsa sanaluze. Mu Sepitembala 2011, chisankho chili pafupi, inagulitsidwa kwa FirstRand ya ku South Africa pa K27 biliyoni ya kwacha yakale, madola ongopitirira pang'ono 5 miliyoni. A Michael Sata atapambana chisankhocho n'kulumbira kukhala pulezidenti, anachotsa a Fundanga, anathetsa malondawo, n'kuibweza bankiyo kwa eni ake, amene mu 2016 anaigulitsa kwa Atlas Mara. Kaya olondola anali a Rupiah Banda, amene anali pulezidenti bankiyo ikulandidwa, kapena a Sata, munthu wamba anaphunzirapo chinthu choopsa, chakuti moyo wa banki ungadalire amene wapambana chisankho. Gavanala amene akudziwa kuti chigamulo chake chingatembenuzidwe m'sabata imodzi, ndi ntchito yake n'kuthera pomwepo, adzazengereza pa tsiku limene akufunika kufulumira.

Milandu iwiri yaposachedwa ikuonetsa kuti china chaphunziridwa. Banki ya Intermarket inalandidwa mu Novembala 2016, ndipo pa zotsala zake panabadwa Zambia Industrial Commercial Bank, ZICB, mu 2018. Banki ya Investrust inalandidwa pa 2 Epulo 2024, gavanala ali a Denny Kalyalya, ili ndi dzenje la pafupifupi K850 miliyoni. Patangopita masabata ochepa osungitsa anayamba kulandira, aliyense mpaka K500,000, zimene zinakwanira ambiri mwa iwo, ndipo maakaunti otsala anasamutsidwira ku ZICB. Poyerekeza ndi 1995, umenewu ndi ukhondo. Koma funsani kuti ndalama zinachokera kuti. Boma linalonjeza K1 biliyoni ya msonkho. Mwini wamkulu wa Investrust anali ZCCM Investments Holdings, kampani imene gawo lake lalikulu ndi la boma, yokhala ndi masheya oposa 70 peresenti, ndipo bankiyo inakhala ikuluza kwa zaka, malipoti ake ali poyera pa msika wa masheya wa Lusaka. Mmodzi mwa eni akuluakulu a ZICB ndi NAPSA, thumba la penshoni limene limadula 5 peresenti pa malipiro a wantchito mwezi uliwonse. Mtsikana wa ku Mtendere wogwira pa tilu ya m'sitolo ku Kabulonga ali ndi gawo m'banki imene inamangidwa pa mabwinja a mabanki awiri, ndipo palibe anamufunsa. Pamene Investrust inkagwa, patatha zaka 29 chigwereni Meridien, Zambia inalibe thumba logwira ntchito la inshuwalansi ya osungitsa, thumba limene mabanki eni ake amasonkhamo kuti banki ikafa msonkho usakhudzidwe. Zimbabwe inali nalo kuyambira 2003, Malawi inatsegula lake mu 2023.

Anthu ena a m'maofesi amadandaula kuti a m'makomboni sakonda mabanki chifukwa chosaphunzira za ndalama. Ndimakayika ngati odandaulawo anakhalapo pa msonkhano wa chilimba, chimene ku Malawi amati chipereganyu. Pa msika wa Chawama, mayi mmodzi amazungulira matebulo madzulo ndi kope la sukulu, aliyense akuponya yake, ndipo ndalama yonse imapita kwa amene tsikulo ndi lake isanagone n'komwe. Palibe ndalama yosungidwa yoti wina aibwereketse kwa mlamu wake. M'magulu a banki ya m'mudzi, amene afala kwambiri mu Lusaka zaka zino, ndalama zimawerengedwa mokweza pamaso pa onse, wobwereka amadziwika ndi dzina ndi nyumba yake, ndipo kumene amagwiritsa bokosi, makiyi ake amagawidwa kwa anthu osiyana. Malamulo awiri amene Meridien ndi banki ya akapolo omasulidwa ija zinaphwanya, lakuti wosunga ndalama asadzibwereke mobisa ndi lakuti mabuku aonedwe ndi eni ndalama, amayi amenewa amawasunga popanda gavanala.

Pali chifukwa chinanso, chakale. Nyumba zambiri za ku George, Chawama ndi Kalingalinga zinakhala pa chiphaso cha khonsolo cha zaka 30, chochokera m'lamulo la mu 1974, chimene mabanki akuluakulu kawirikawiri sankachilandira ngati chikole. Ndiye munthu wa m'komboni ankalandiridwa ndi manja awiri pokasungitsa, koma pokabwereka ankabwezedwa, n'kukathera kwa a kaloba amene amafuna theka lina pamwamba mwezi ukatha. Ndalama zinkakwera kuchoka m'komboni kupita kumayadi, osatsikanso. Kafukufuku wa FinScope wa mu 2020 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi yekha mwa asanu ndi amene ankagwiritsa ntchito banki, pamene oposa theka ankagwiritsa ntchito ndalama za pafoni.

Sindikunena kuti kunja kwa banki kuli mtendere. Msungichuma wa gulu amatha kusowa mu Disembala, sabata yogawana itayandikira. Makampani olonjeza kuchulukitsa ndalama m'masabata ochepa, monga Heritage Coin mu 2018, anakolola anthu omwewo amene ankaopa mabanki, ndipo kumeneko kulibe ngakhale woti atole zotsala mwadongosolo. Komanso mtunda wa pakati pa komboni ndi Cairo Road ndi waufupi kuposa mmene timaganizira. Magulu ambiri a banki ya m'mudzi akakula amatsegula akaunti kubanki, chifukwa palibe amene akufuna kugona ndi K200,000 m'nyumba ya ku Kanyama. Nazonso ndalama za pafoni sizikhala m'kabokosi kofiira kapena kachikasu ka pakona pamsewu. Malamulo a Bank of Zambia amafuna kuti kwacha iliyonse yooneka pa foni yanu ya Airtel, MTN kapena Zamtel ikhale ndi inzake yeniyeni mu akaunti yapadera, ndipo akauntiyo imasungidwa m'mabanki a malonda omwewa. Kondakitala wa ku Matero amene amalumbira kuti iye ndi banki sadzaonana ali ndi ndalama kubanki usiku uno, m'banki imene sanaisankhe ndiponso sadziwa dzina lake.